Mzere Wachisanu

Mu 1999, ofesi ya kampu ina ya alendo odzaona nyama zakutchire kufupi ndi Nsefu inalandira kompyuta. Amene ankaigwira anali Nasilele, mtsikana wochokera ku Mongu, wa zala zothamanga ngati nkhanga. Alendo akunja ankalembetsa pa intaneti, ndipo pansi pa fomu yawo panali kabokosi kolembamo zofuna zawo. Kabokosiko kankaonetsa mizere inayi yokha. Mawu otsala ankabisala pansi, mpaka munthu atatsitsa kamuvi ka m'mbali.

M'mawa wina Fridah, mnzake wa muofesi, anasuzumira paphewa pa Nasilele, amene ankawerenga fomu ya mlendo wina wachikulire.

"A Nasilele, tsitsani kamuviko. Mawu akuoneka kuti sanathe."

"Ndawerenga kale," anayankha osatembenuka. "Mwana wa mdalayu akuti bambo ake amakonda mbalame, sadya nkhumba. Ndege yake ifika ten koloko, ndilibe nthawi."

Anakopera mizere inayiyo papepala n'kupatsa Jason, woperekeza alendo.

Mdalayo anafika yekha. Ankamwetulira, n'kumayang'anitsitsa pakamwa pa womulankhula, ndipo palibe anakayika kanthu. M'mawa mwake analowa m'tchire wapansi. Monday, msilikali wa nyama, anali patsogolo ndi mfuti, Jason pambuyo.

Pafupi ndi dambo, Monday anaima n'kukweza dzanja. Njovu yaikazi inali kuseri kwa mitengo ya tsanya, kamwana kali m'miyendo. Koma maso a mdala anali m'mwamba, akutsata mbalame, ndipo anapatuka kulowera komweko.

"Imani!" ananong'ona Jason. Mdala anapitirira.

"Imani, bwana!" Tsopano anakuwa. Mdala sanacheuke n'komwe.

Njovu inatambasula makutu, inalira, fumbi linabuka. Monday anathamanga n'kuima pakati pa nyama ndi munthu, nawombera m'mwamba. Njovu inabwerabe. Anawomberanso, chipolopolo chachitatu atachisungira pamphumi pa njovuyo. Itatsala mapazi ochepa inaima, inapukusa mutu, n'kubwerera kwa mwana wake. Jason anali atagwetsa mdalayo kuseri kwa chulu, ndipo mkono wa munthu wamkuluyo unathyoka.

Masana Monday analowa muofesi, malaya atanyowa ndi thukuta.

"Munthu uja samva," anatero mwa mawu otsika. "Inu simunadziwe? Ine ndili ndi ana atatu, mayi."

Nasilele anatsegula fomu ija. Anatsitsa kamuvi kamodzi kokha. Mzere wachisanu unatulukira: "Chonde, bambo anga ndi ogontha. Amawerenga milomo. Poyenda m'tchire wina aziwagwira dzanja."

Anauwerenga mokweza. Fridah anayang'ana pansi. Monday anatola chipewa chake n'kutuluka.

Nasilele ntchito sanamuchotse. Koma manejala anamuuza kuti kalata yofotokozera mwana wa mdalayo alembe yekha, m'kabokosi konga komweko. Zala zothamanga zija zinatha madzulo onse zikufunafuna poyambira.

Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.