Penti Woyera Padenga la Holo

Mayi Agnes Kamtengo anali ndi loji ku Senga Bay, ndipo chaka chimene anamanga holo ya maukwati ankayenda chifuwa patsogolo. Mapaipi ozimitsa moto anawajambula ndi Tikondwe, injiniya wa ku Salima boma. Anawerengera kukula kwa paipi iliyonse kuchokera pathanki ndi pampu, n'kuwayendetsa kunsi kwa denga. Pa mamita atatu alionse panali kamutu kachitsulo kokhala ndi kagalasi kofiira. Moto ukabuka, kutentha kumaswa kagalasiko, madzi n'kutsika okha ngati mvula.

Popereka ntchitoyo, Tikondwe anasiya lamulo limodzi: timituto tisapakidwe penti, tisakutidwenso nsalu, chifukwa kagalasi kovala malaya sikamva kutentha msanga. Mayi Kamtengo anagwedeza mutu, maso ali pafoni.

Ukwati woyamba, wa mwana wa mlongo wawo, utayandikira, anayang'ana kumwamba n'kukwinya nkhope. Anati mapaipi ofiirawo akuoneka ngati matumbo a mbuzi, aipitsa zithunzi. Anaitana Salimu wopenta. Ali pamakwerero, Salimu anafunsa ngati alambalale timituto, poti anamva ndi makutu ake injiniya akuletsa.

"A Salimu, holoyi ndi ya Tikondwe kapena yanga? Pakani zonse, ziyere mbee."

Salimu anapaka katatu. Okongoletsa atabwera anazenga nsalu zoyera m'mapaipi momwemo. Chipinda chosungiramo matsache, ndowa ndi mipando yothyoka chokha ndicho chinatsala, poti mayiwo anati alendo safikako, kumeneko n'kuononga penti. Aliyense wosuzumira m'holomo ankagwira pakamwa, amvekere Lilongwe yasamukira kunyanja.

Loweruka masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, anthu ankavina polowetsa keke. Wina anagunda tebulo, kambaula kotenthetsera ndiwo kanagubuduzika, nsalu n'kugwira moto. Motowo unakwera nsaluyo ngati nyani pamtengo. Anthu anaunjikana pakhomo, ana akulira, nsapato zili mbwee. Mayi Kamtengo anaimirira pakati, manja m'mwamba.

"Dekhani, abale! Madzi atsika pompano."

Anayang'ana kudenga. Anadikira. Sipanagwe ngakhale dontho. Pamene timitu tina tinkaphulika, denga linali litayamba kale kugwa. Mkwatibwi anatuluka velo litapsa theka, ndipo mayiwo anachita kukokedwa ndi mlongo wawo, maso akadali kumwamba. Palibe anafa, koma ndowa za madzi a m'nyanja, imene inali pakhomo pomwepo, sizinaphule kanthu.

M'mawa mwake Tikondwe atafika, mayiwo anamulandira ndi mawu otentha pamaso pa antchito onse: anawaikira mapaipi ouma, wawachititsa manyazi kubanja, ndipo dzina lake lithera pompo. Tikondwe anadutsa m'phulusa n'kukankha chitseko chopserera cha chipinda chosungira katundu chija. Anthu anangoti kukamwa yasa. Pansi panali madzi ofika m'akakolo. Matsache, ndowa ndi mipando yothyoka zinali zonyowa, zosapsa ngakhale pang'ono. Moto unalowa pakhomo n'kufera pomwepo.

Kenako Tikondwe anatola kamutu kena kamene kanagwa ndi paipi pafupi ndi khoma, n'kukapala ndi kiyi. Penti anasendeka wokhuthala ngati khungwa, ndipo kunsi kwake kagalasi kofiira kanali kathunthu.

"Mayi, thanki ndi yomweyo, pampu yomweyo, mapaipi omwewo. Kuno kokha ndiko simunapake."

Salimu anaima patali, chipewa chili m'manja. Antchito anatulutsira Mayi Kamtengo mpando umodzi wothyoka m'chipindamo, poti ya m'holo yonse inali makala. Mayiwo anakhala pamenepo akuyang'ana thambo pamene dzulo panali denga loyera.

Akuluakulu sananame: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.