Kafomu Kobisika M'kati mwa Fomu ya Tchuthi

Pa kampani ina ku Limbe panali bwana, a Chimbalanga, amene ankadana ndi mawu oti tchuthi. Tsiku lina anaitana Mwandida, wokonza webusayiti ya kampaniyo.

"M'kati mwa fomu yopemphera tchuthi ija ubisemo kafomu kena," anatero. "Munthu akangodina batani lotumizira, kafomuko kazinena kuti wavomera kugwira ntchito Loweruka lililonse chaka chonse. Ukakana, khomo ndi ilo."

Mwandida anaganizira anzake, mtima n'kumupweteka, koma anangoti, "Chabwino, bwana."

Lachisanu anabwerera akumwetulira. "Ndamaliza. Komatu mafomu oberekana chonchi, kafomu kumsana kwa fomu yaikulu, amavuta. Nthawi zina mayi amapita, mwana n'kutsalira. Muyese nokha, poti nkhaniyi ndi ya awirife."

A Chimbalanga, poganiza kuti n'zoyeserera chabe, analemba dzina lawo lonse n'kudina mwamphamvu. Mafomu onse awiri anapita bwinobwino, ndipo Mwandida anali atawalozetsa kwa mayi Likongwe, eni kampaniyo.

Posakhalitsa foni inalira.

"A Chimbalanga! Loweruka lililonse? Mwandigwira mtima," anatero mayi Likongwe. "Koma fomu imeneyi sindikuidziwa. Munakonzera ndani?"

A Chimbalanga anaganiza msanga. Kunena zoona kunali kudzichotsa ntchito.

"Ndinadzikonzera ndekha, mayi. Kudzipereka basi."

"Zikomo kwambiri. Mawa mutsegule ofesi mamawa."

Ataika foni pansi, a Chimbalanga anakuwa, "Mwandida, chotsa kafomu kaja msanga!"

"Ndichotsa, bwana," anayankha mwaulemu. "Koma mwaona nokha, kamwana kaja sikanatsalire."