Benchi Yotsala Pansi pa Malata

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwala, pamsika wina wa m'mbali mwa msewu anamangapo shedi yamalata ya mabenchi anayi. Wogawa mabenchiwo anali woyang'anira msika, a Chikadza, munthu wosalandira chiphuphu. Wina atawapatsira ndalama m'manja, anam'bwezera anthu akuona.

Felesiya ankayala tomato wake pansi, khanda lili kumsana. Mvula inali pafupi, mwanayo ali kale ndi chifuwa. Atapempha benchi, a Chikadza anati, "Dikirani mayi, pali ndondomeko." Iye anadikira, maso ali tcheru.

Benchi yoyamba inapita kwa a Gwaza, ogulitsa nyama. Mayi awo a Chikadza atamwalira, ngolo ya a Gwaza ndiyo inanyamula bokosi. Koma ngoloyo inkanyamula maliro a aliyense, ngakhale a bambo ake a Felesiya.

Yachiwiri inapita kwa a Nabengo a mandasi. Akazi a Chikadza atagonekedwa m'chipatala, iwowa ndiwo anakawadikirira, kugona pasimenti, kuwachapira zitenje. A Chikadza asanalandire udindo, azimayi awiriwa sankapatsana ndi moni womwe. Komabe zitenjezo anachapadi, ndipo wodwalayo anachira.

Yachitatu inapita kwa mphwawo wa a Jekete, omwe anali mkulu wa mpingo. Mwana wa a Chikadza anakwatiwa m'tchalitchi atavala velo, ali ndi pakati. A Jekete anaona, koma kubwalo la mpingo sanakanene. Sanapemphe kanthu. Paphwando anangouza a Chikadza kuti, "Achimwene, kamphwanga kaja kakungokhalatu pakhomo."

Akuluakulu ena anabwera kudzafufuza za kagawidwe ka mabenchiwo. "Alipo amene anauzidwa kuti apereke ndalama?" Msika wonse unati ayi. Felesiya nayenso anati ayi, chifukwa zinali zoona. Alendowo anakwera galimoto n'kumapita.

Inatsala benchi imodzi. Tsiku lomwelo Felesiya anamva kuti akazi a Chikadza, omwe nyumba yawo inali kuseri kwa yake, msana wawagwira, sangathe kusenza ndowa. Nkhaniyi inamusowetsa tulo: akawatungire madzi kapena ayi?

"Iwe, madzi okhawo?" anatero mwamuna wake kutayamba kucha. "Chaka chatha unkawatungira, shedi kulibe."

"Chaka chatha sindinkafuna kanthu kwa iwo," anayankha Felesiya.

Anabereka mwana, anapita kumjigo, n'kukatula ndowa pakhomo pa a Chikadza. Sanachite manyazi, sanakondwe, mumtima munangoti zii. A Chikadza anatuluka akutsuka m'kamwa. Anayang'ana ndowayo, anayang'ana mwana akutsokomola.

"Mayi, mubwere kuofesi masanawa."

Kumwamba mitambo inali itayamba kuda.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tandiuzani. Pa ngolo, zitenje, velo ndi ndowa ya madzi, n'chiti chinali chifundo, n'chiti chinagula benchi, ndipo mwachizindikira bwanji? Nanga Felesiya, mwana akutsokomola chonchi, apite kuofesiko kapena asapite?