Mphete Imene Inadya Kiyi

Che Twaliki Mpango anafika pamzikiti wathu wa ku Ntaja tsiku Lachinayi, anthu atangobalalika pambuyo pa swala ya masana. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, munthu wozolowera kuyankha, osati kufunsa. Anaima pakhonde nsapato zili m'manja, mpaka Shehe Imedi Mtalika, Allah awachitire chifundo, anatukula maso ndi kuwalozera mkeka. Ine ndinali pomwepo, pakuti masiku amenewo tinkaphunzitsa limodzi ndi Shehe ku madrasa.

Nkhani ya Che Twaliki tonse tinkaidziwa. Panali patatha zaka zitatu chimwalirireni akazi awo, Abiti Mkwanda. Malemuwo anali telala, ndipo ankasokera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Tsiku lomwe anachokera kumanda, Che Twaliki anakhoma kachipindako makina ali momwemo, ndipo sikanatsekulidwenso. Tsopano mwana wawo Rukaiya anali atabwerera pakhomo ndi ana awiri, banja litatha. Anapempha makina a mayi ake kuti azisoka, nakanizidwa katatu. Pamenepo ananena kuti Loweruka akwera basi, akafune ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe.

Atapatsana salamu ndi kufunsana za kunyumba, Che Twaliki anati:

"Shehe, sindinabwere kudzafunsa. Ndabwera kudzakuonetsani chinthu, kuti inu mukamuuze mwana uja. Ine sandimvera."

Anapisa dzanja pakhosi la mkanjo natulutsa chingwe chakuda. Pachingwepo panali kiyi wachitsulo, atalowetsedwa mumphete ya siliva. Mphete inali yosalala, yopanda banga. Koma kiyi, pamalo pomwe mphete inkakhala, anali atadyeka ndi dzimbiri mpaka kutsala ngati kamtengo ka machesi.

"Mphete iyi ndinawapatsa mayi a Rukaiya tsiku la ukwati wathu," anatero. "Taonani mmene yadyera kiyi wa kachipinda kawo. Kiyi mnzake wa khomo lakumaso ndinagula tsiku limodzi ndi uyu, sitolo yomweyo, ndipo ali m'thumba umu ngati watsopano. Tanthauzo lake ngakhale mwana angalione. Mwini wake sakufuna kuti chitseko chija chitsekulidwe."

Shehe analandira chingwecho ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi mumavula nthawi zina, Che Twaliki?"

"Sindinavulepo."

"Ngakhale posamba? Ngakhale pochita udhu musanapemphere?"

"Kasanu patsiku madzi amatsikira pamenepa. Ndivulirenji?"

"Nanga kutentha kwa Okutobala kuja?"

"Thukuta ndi thukuta, Shehe. Kodi mwasanduka dokotala?"

Shehe anamwetulira pang'ono. Anatambasula dzanja natenga ketulo yawo yakale, imene ankasungiramo madzi a udhu. Ketuloyo ilipobe pakhonde paja mpaka lero. Imadontha, koma palibe amene walimba mtima kuitaya.

"Ndisanakhale pamkeka uno," anatero, "ndinali wokhoma ndowa ku Liwonde. Ketulo iyi ndi ya chitsulo chopepuka chija cha mapoto. Itabooka, ndinatseka bowo ndi msomali wa kopa, ndikudzitama kuti kopa sachita dzimbiri. Taonani, msomali ulipo, uli bwinobwino. Koma ketulo yadyeka mozungulira msomaliwo. Mmisiri wachikulire amene ndinkagwira naye ntchito anandiseka sabata yathunthu. Ndiye amene anandiphunzitsa kuti zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana, pakati pali madzi, makamaka amchere, chimodzi chimadyeka mofulumira pamene chinacho chili phee. Pakati pa siliva ndi chitsulo wamba, chogonja ndi chitsulo. Zikakhala zouma, kapena zosakhudzana, zimatha zaka popanda vuto."

Che Twaliki anawongola msana.

"Zimenezo ndi za sayansi. Ndinaziphunzitsapo ana ku sitandade 8. Ine ndikunena za chizindikiro."

"Za m'mabuku amenewo mumadziwa kuposa ine," Shehe anayankha mofatsa. "Ine ndangonena zimene manja anga anaona. Koma zoti ndikauze Rukaiya kuti mayi ake ayankhula, mundikhululukire, sindingathe. Zobisika amazidziwa ndi Allah yekha. Ndikatero ndinama, ndiponso ndinamizira munthu amene sangadziyankhire."

Kumsewu kunadutsa njinga ikulira belu. Che Twaliki ankangoyang'ana mkeka, ndipo pamene anayankhulanso, mawu a uphunzitsi aja anali atawachokera.

"Shehe, m'kachipinda muja muli malaya anga a Idi. Ali pansi pa singano, mkono umodzi sanalumikize. Mayi a Rukaiya anati amaliza akapuma pang'ono, mutu unkawapweteka. Chitseko chikakhala chotseka, zimakhala ngati angopita kukapemphera, abwera posachedwa adzamalize. Ndikatsekula, ndiye kuti apitadi."

Shehe nawonso anali ataika akazi awo zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo sindinawamvepo akutchula dzina lawo kwina kulikonse koma m'pemphero la duwa. Anamasula mfundo ya chingwe ndi zala zawo. Anasolola kiyi mumphete mosamala kwambiri, kuopa kuti angathyoke. Mphete anaipukuta ndi nsonga ya mkanjo wawo, naiika kudzanja lamanja la mlendoyo. Kiyi anamuika kulamanzere.

"Che Twaliki, m'bale wanga," anatero, "mphete iyi ilibe mlandu, ndipo siinachepe ngakhale pang'ono. Abiti Mkwanda nawonso sakuchepa. Ali m'manja mwa Mwini chifundo, ndipo chimene tingawatumizire ndi duwa ndi sadaka, osati chitseko chotseka. Amene akudyeka ndi amene mwawamangirira pa iwo, pamalo posauma: inuyo, ndi Rukaiya, ndi adzukulu anu awiri. Kiyi uyu watsala ndi mphamvu yotembenuka kamodzi, mwina kawiri. Mvula ikubwerayi saiona. Mukachedwa, chitseko chija mudzachita kuswa ndi nkhwangwa, mwana ali kale ku Lilongwe akuchapa zovala za eni ake. Pitani lero, dzuwa likadalipo. Dontheretsani mafuta pang'ono mu loko, munene Bismillah, mutembenuze pang'onopang'ono. Mphete mumuveke Rukaiya, pakuti siliva sadya chala cha munthu wamoyo. Ndipo akakhala pamakina paja, mumuuze kuti ayambire pa mkono wa malaya aja."