Chipaipi cha Bambo a Esinati

Panali bambo wina ku Linthipe, wopuma pa ntchito ya ukalaliki, amene mkazi wake anamwalira kalekale. Anthu ankangomutchula kuti bambo a Esinati. Dzina lenileni musandifunse, mungayambe kutembenuka m'mabenchimo.

Esinatiyo ankagwira ntchito ku Joni. Pa Khirisimasi anabweretsera bambo ake chipaipi chachikulu choonera nyenyezi, cha miyendo itatu, chokhala ndi kakompyuta m'mbali. Ukadina batani chimatembenuka chokha, ng'iii, n'kukaima pa nyenyezi imene ukufuna. Mwanayo anachitchera pabwalo, anaonetsa bambo ake zodabwitsa, kenako anabwerera. Bambo aja anachinyamula n'kukachisunga kuchipinda.

Tsono pamsika panali mayi wina wamasiye wogulitsa matimati, a Nangozo. Bambo a Esinati anayamba kugula matimati katatu pa tsiku. Munthu wokhala yekha, matimati katatu! Msika wonse unadziwa kuti si matimati ayi. Mawu anaponyadi, koma mayiyo sanayankhe. Ndipo nthawi inali itatha, chifukwa Loweruka mwana wa a Nangozo ankayembekezeka kutumiza galimoto yoti iwatenge akakhaliretu ku Kasungu.

"Malemu aja anandidyetsa mabodza zaka makumi awiri," anatero mayiyo. "Mwamuna wabodza ine sindimufunanso."

"Ine bodza ayi, mayi," anayankha bambo aja. Pomwepo n'kuwonjeza kuti nyenyezi zonse amazidziwa ngati nkhuku zawo, mpaka ina yoyenda ndi tiana take tinayi.

"Chabwino. Lachisanu madzulo mudzandionetse, ndidzakuyankhirani pomwepo."

Lachisanu kutangoda, mayi aja anafika, chitenje chatsopano. Oyandikana nawo anali atamata kale maso pampanda. Bambo anatulutsa chipaipi, anayatsa. Koma kakompyuta kaja sikanafune kuyenda. Kanalemba kuti: poti mwandisuntha, yambani mwandilozera nyenyezi ziwiri zowala zimene zili pachithunzi ichi, kuti ndidziwe pamene ndaima.

Tsiku lija zimenezi anachita ndi Esinati, bambo aja ali kalikiliki kuitana anthu. Anakweza maso kumwamba, nyenyezi zonse zofanana ngati mchere wotayika. Ndiye anangoloza iliyonse, dinu. Inanso, dinu.

Chipaipi chinamvera zimene chinauzidwa. Ng'iii, chinatembenuka, chinaweramitsa mutu, n'kukaima ndendende pa bafa la oyandikana nawo. Ndipo m'bafamo munali munthu, abale anga, mkazi wa mwini, akusamba uku akuimba!

"Mayo! Akulozetsa mfuti kunoyo ndani?"

Kumpanda kuja kunaphulika phwete. A Nangozo sanaseke.

"Bambo a Esinati, tiana tinayi tija tili m'bafamo?"

Apa ndiye panali posankha. Bodza lina linali kale pamlomo, loti mabatire afooka. Likanatha kuwapulumutsa madzulo amenewo. Koma bambo aja anavula chipewa.

"Mayi, ndinanama. Nyenyezi sindidziwa ngakhale imodzi. Chinthuchi chikufuna ndichilozere ziwiri, ndipo zandikanika."

A Nangozo anamanga chitenje ngati akunyamuka. Kenako anati, "Tabweretsani chithunzicho ndione."

Anayang'ana kamodzi, n'kuseka.

"Zitatu zondondozanazi si Akamwiniatsatana? Zaka zonsezi ndayenda nazo pochokera kudimba, dengu pamutu. Onani uko, pamwamba pa mtengo wa mapeyala. Yofiirayo ili mbali iyi, yoyerayo mbali inayo. Ndi zimene chikufuna. Maso muli nawo, bambo, koma munangozolowera kuyang'ana m'mapepala."

Bambo analoza yofiira, dinu. Yoyera, dinu. Ng'iii, chipaipi chinadzutsa mutu, chinayenda pang'onopang'ono, chinaima pa nyenyezi ya tiana ija. Mayi aja anaika diso. Mpira wowala, ndi timadontho tinayi pamzere pambali pake. Anakhala chiweramire nthawi yaitali, dzanja pachifuwa.

"Ha! Zaka zonsezi ndimaiona iyi, osadziwa kuti ili ndi ana. Zikomo Ambuye."

Usiku umenewo anthu akumpanda analowa mmodzimmodzi kudzaona nawo, mpaka mayi wa m'bafa uja, thaulo lili kumutu. Loweruka galimoto inabweradi. Inabwerera ku Kasungu ndi thumba la mtedza basi.

Tsono tamverani, abale ndi alongo. Chipaipi chija chinali ndi nyenyezi zikwizikwi m'mutu mwake, koma sichikanaonetsa ngakhale imodzi munthu asanachilozere moona ziwiri zooneka ndi maso. Ifenso timafuna Mulungu atitengere ku zazikulu zobisika, ana apeze ntchito, matenda achoke, banja likhazikike. Koma zabwino zowala zimene watipachikira kale pamutu sitizidziwa n'komwe. Tikagwada timangodina mapemphero, kuloza paliponse, kunamizira kuti tikudziwa. Ndiye tizidabwa moyo ukakatiimika pa bafa la eni?

Yambani ndi ziwiri zokha. Lero mwadzuka, imeneyo ndi imodzi. Pali munthu amene anakupirirani pamene simunali woyenera, imeneyo ndi yachiwiri. Zitchuleni pamaso pake ndipo muthokoze. Ngati simukuziona, musaname. Vulani chipewa, mufunse mnzanu amene wayenda mumdima nthawi yaitali kuposa inu, akulozerani. Mtima umene wathokoza moona wadziwa pamene waima, ndipo Mwini kumwamba sadzavutika kuutsogolera kwina konseko. Ameni.