A Malachy ndi Mnzawo wa M'foni

M'khitchini mwa a Hehir ketulo sinkalira yokha. Ikangoyamba, mapazi a mayi Dympna nawo ankayamba kugogoda pansi, chidendene ndi chala, chidendene ndi chala, eni ake ali kalikiliki kudula buledi ngati sakudziwa zomwe zikuchitika kumunsiko. Kwathu kuno ku Clare mkazi wotere sitimudabwa. Chomwe tinkadabwa nacho ndi mwamuna amene anawakwatira. A Malachy Hehir anagawa makalata zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, munthu wabwino, wosunga nthawi kuposa wotchi ya kutchalitchi, koma mapazi awo ndi nyimbo sizinkamwerana madzi. Ku magule onse amene anaperekeza akazi awo, iwo ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko n'kumakamba za mpira.

Atapuma pa ntchito anatsitsa vayolini ya malemu amalume awo imene inali pamwamba pa kabati. Anali ataigwirako ali pasukulu, mpaka aphunzitsi atawapempha mwaulemu kuti ayesere zina. Mwana wawo Sorcha, amene amakhala ku Galway, anawaikira m'foni nyimbo zophunzirira. Mumasankha nyimbo, munthu wina wosaoneka amawerenga mpaka kanayi n'kuyamba kuliza gitala, inu n'kumatsatira ndi vayolini yanu. Akakuthamangirani mumadina pena pake, iye n'kuchepetsa liwiro. Mukalakwitsa mumabwereza, iye osadandaula. A Malachy anamukonda munthu ameneyu ndi mtima wonse, mpaka anamutcha mnzanga wa m'foni. M'fonimo munali nyimbo mazana awiri. Iwo anasankhapo imodzi, nyimbo yovinira yothamanga ya mtundu wotchedwa rili, yokoma ndithu, n'kukadzitsekera nayo m'shedi kuseri kwa nyumba.

Chaka chotsatira bondo la mayi Dympna linayamba kuvuta. Dokotala wa ku Ennis sanapite m'mbali: mu Novembala alichita opaleshoni, kuyenda adzayenda bwinobwino, koma zogogoda pansi zija aiwale. Mayi Dympna analira tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake ananena patebulo kuti mpeni usanafike pabondo avina seti imodzi yathunthu, gule wathu wa mabanja anayi, zigawo zonse zisanu ndi chimodzi, pamodzi ndi anzawo asanu ndi awiri amene akhala akuvina nawo kuyambira kalekale. Lamlungu masana, m'holo ya parishi.

"Ndikapempha a Phelim abwere ndi akodiyoni yawo," anatero.

A Malachy anaika kapu pansi. "Mayi a Sorcha, woimba ali m'nyumba momuno."

"Inuyo?"

"Zaka zonsezi mwavinira manja a amuna ena. Gule womaliza yekhayu mundisiyire ine."

Mayi Dympna anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo kunena zoona anakondwa kwambiri. Mkazi amene wadikira zaka makumi anayi kuti mwamuna wake alowe naye m'gule safunsa mafunso ambiri. Anangowawonjezera tiyi n'kuwauza kuti atsala ndi miyezi inayi.

A Phelim Garrihy ndi mlimi wa ng'ombe, munda wawo unagundana ndi wa a Hehir. Ndiwonso anayamba kufunsira Dympna kalelo, a Malachy asanatulukire ndi njinga yawo ya makalata n'kuwalanda. Nkhaniyo tonse tinaiiwala, a Phelim omwe anaiiwala, kupatula a Malachy eni ake. Tsiku lina a Phelim anasuzumira pa mpanda wa miyala, nyimbo ya m'shedi ikulira kachikhumi m'mawa womwewo.

"Aise Malachy! Ng'ombe zanga zailoweza nyimbo imeneyi. Dzulo ina imaiimba ndikuikama. Ilipo ina?"

A Malachy anatulutsa mutu pakhomo la shedi. "Munthu amamaliza chimodzi asanayambe china. Makalata ndinkagawa khomo limodzi limodzi."

"Koma sunkaponya kalata yomweyomweyo mudzi wonse. Tamvera, seti ili ndi zigawo zisanu ndi chimodzi. Zitatu zoyamba rili yakoyo ikhoza kukuwolotsa. Chachinayi chimafuna jigi. Chomaliza chimafuna honipaipi, ija Dympna amaikonda kuposa zonse. Zimenezo uli nazo?"

"Nyimbo ndi nyimbo, Phelim. Ndakhala ndikupita ku magule ine. Zina zimathamanga, zina zimadekha. Mnzangayu ali ndi pochedwetsera. Ikafunika jigi yakoyo ndingodina, basi."

A Phelim anagwira chipewa kuti chisagwe. "Mayo ine! Ng'ombe ikamayenda pang'onopang'ono siisanduka nkhosa, mwana wa mayi. Rili imayenda zinayizinayi, jigi zitatuzitatu. Mwendo wa wovina umadziwa kusiyana kwake ngakhale mwiniwake ataledzera. Bwera Lachiwiri madzulo ku chipinda chakumbuyo cha bala ya m'mudzi muno, timakhala ndi ongoyamba kumene, timaimba modekha. Miyezi inayi ikukwanira jigi imodzi ndi honipaipi imodzi."

"Kuti mukandiseke?"

"Kuseka tikuseka ndithu, nanga tingasiye bwanji? Koma ukachoka uli ndi nyimbo zitatu."

"Mnzanga wa m'foni saseka munthu."

"Chabwino. Tsikulo ndidzangobwera ndi bokosi langa la akodiyoni, lidzakhale pansi pa mpando, mwina mwake."

Apa ndiye a Malachy anatuluka yense, uta wolizira vayolini uli m'manja ngati ndodo. "Ukadzabwera ndi bokosi lako udzabwerere pakhomo. Ndikunenetsa, Phelim. Lonjeza."

A Phelim analonjeza, n'kubwerera kwa ng'ombe zawo akupukusa mutu.

Ine ndimaona kuti sanali makani okha, analiponso mantha. Munthu amene mudzi wonse wamudalira moyo wake wonse safuna kukakhalanso mwana wasukulu pamaso pa anzake, makamaka pamaso pa munthu amene iye mwini anamulanda mkazi. M'shedi muja munalibe wowaona akulakwitsa. Choncho anapitiriza ndi rili yawo, m'mawa ndi masana, mvula igwe kapena dzuwa liwale, akukweza liwiro pang'onopang'ono mpaka zala zinayamba kuyenda zokha. Ndipo tisawanamizire, anaidziwa. Mayi Dympna anafunsako kamodzi akuyanika zovala.

"Bambo a Sorcha, ine ndikungomva imodzimodzi. Zinazo zili kuti?"

"Zili m'kati mwa yomweyi, mayi. Mudzaona."

Anaganiza kuti ndi chinsinsi cha tsikulo, ndipo sanafunsenso.

Lamlungu lija holo inadzaza Misa itangotha. Ine ndinali pa tebulo la tiyi, ndikuteteza masangweji kwa anthu amene anali asanavine n'komwe. Mayi Dympna anavala diresi yobiriwira ndi nsapato zawo zakale zovinira, bondo atalimanga bwino. Wovina nawo anali alongo awo a Ultan, amenenso ankalengeza zigawo za gule. Mabanja anayi anaima moyang'anizana. A Malachy anakhala pampando kutsogolo, atavala tayi, foni italumikizidwa ku sipika pambali pawo. A Phelim anakhala pakona, manja ali m'thumba, monga analonjezera.

Munthu wa m'foni anawerenga mpaka kanayi, ndipo a Malachy analowa. Abale, inalira vayolini ija! Amene anabwera kudzaseka anatsala kukamwa kuli yasa. Pansi pa holo panayamba kunjenjemera, zidendene khumi ndi zisanu ndi chimodzi zikugunda ngati chimodzi, ndipo mayi Dympna podutsa pafupi ndi mpando uja anawayang'ana amuna awo ndi diso limene ambirife tinali tisanalionepo. Chigawo choyamba chitatha anthu anaomba m'manja mpaka makapu kulira patebulo panga.

Chigawo chachiwiri, rili yomwe ija. Palibe anadandaula. Chachitatu, rili yomwe ija, ndipo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Malachy, kalata imeneyi taiwerenga kale!" Anthu anaseka, ovina akuseka nawo, a Malachy nawonso anamwetulira thukuta lili kamukamu. Zinthu zinali bwino ndithu.

Kenako a Ultan anakweza dzanja. "Jigi, alamu!"

A Malachy anawerama modekha, n'kudina pochedwetsera paja. Munthu wa m'foni anawerenganso mpaka kanayi, tsopano ngati wangodzuka kumene, ndipo rili ija inatuluka ikukwawa. Ovina ananyamula miyendo mwa chizolowezi, miyendo n'kusowa potera. Mapazi ankafuna zitatu, nyimbo inkapereka zinayi. Banja lina linapita kumanja, lina linaima, a Ultan anaponda diresi ya mkazi wa eni, ndipo anthu asanu ndi atatu amene avina limodzi zaka makumi anayi anaunjikana pakati pa holo ngati nkhosa pachipata. A Malachy anaganiza kuti achedwetsa mopitirira, ndiye anakwezako pang'ono. Zinangoipiraipira. Anasiya, koma mnzawo wa m'foni, poti alibe maso, anapitiriza yekha ndi gitala yake mpaka wina anakamuzimitsa.



"Bambo a Sorcha," anatero mayi Dympna motsitsa mawu, "tikufuna jigi."

"Ndi imeneyi, mayi."

"Ayi, bambo. Iyi ndi rili yomwe ija, yangotopa."

Wina anaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa. A Malachy anayang'ana vayolini yawo, anayang'ana foni, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa pamene anazindikira kuti alibenso china chopereka. A Ultan anati si m'fonimo muli ma jigi ambirimbiri, angotsegula imodzi iziimba yokha.

"Gule wanga womaliza sindivinira foni," anatero mayi Dympna. Sanakweze mawu, koma palibe anabwerezanso nkhaniyo.

Maso onse anatembenukira pakona. A Phelim anatulutsa manja m'thumba n'kuwaonetsa kuti ali opanda kanthu. Akodiyoni inali kunyumba, ulendo wa theka la ola kupita ndi kubwera, ndipo bondo la mayi Dympna likanazizira silikanadzukanso tsikulo. Anaimirira, n'kupita pomwe panali a Malachy.

"Malachy, bokosi ndasiya monga unanenera. Koma pakamwa sunanenepo. Undilola?"

 A Malachy anagwedeza mutu kuvomereza, maso ali pansi.

Makolo athu akasowa woliza zoimbira, munthu mmodzi ankakhala pampando n'kuimba nyimbo yovinira ndi pakamwa pokha, yopanda mawu enieni, phazi likugunda pansi. A Phelim anakoka mpando, anameza tiyi pang'ono, n'kuyamba: dai-dili-dam, dai-dili-dam, dai-dili-dai-dili-dam. Miyendo ya ovina inazindikira mwini wake nthawi yomweyo. Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri anaimba zigawo zitatu zathunthu ndi mapapo ake, nkhope itafiira ngati nyama yaiwisi, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Pofika pa honipaipi holo yonse inkamuthandiza. Mayi Dympna anaivina ngati bondo ndi la munthu wina, misozi ikutsika, akuseka. Pambali pa a Phelim panali a Malachy, vayolini ili pa ntchafu, akuonerera akazi awo akumaliza gule wawo womaliza ndi nyimbo ya mwamuna wina. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ngakhale ndinali nditaseka nawo poyamba paja.

Zonse zitatha, mayi Dympna anabwera akutsimphina patebulo panga, anatenga makapu awiri, n'kukakhala pambali pa amuna awo. Ndinali pafupi, ndipo makutu alibe chitseko.

"Zigawo zitatu zoyamba zija sindidzaziiwala, bambo. Munaimba bwino zedi."

"Ndinkafuna zonse zisanu ndi chimodzi zikhale zanga."

"Inenso ndinkafuna choncho," anatero mayi Dympna.

 Anamwa tiyi wawo limodzi.

Opaleshoni inayenda bwino, ndipo dokotala uja sananame mbali zonse ziwiri. Lachiwiri loyamba la Disembala a Malachy analowa m'chipinda chakumbuyo cha bala ija, vayolini ili kukhwapa. Anawaseka, monga a Phelim ananenera, iwo n'kupirira. Lero ali ndi nyimbo zoposa makumi atatu, ma jigi asanu ndi anayi, ndi honipaipi ina imene amailiza mokoma kuposa aliyense m'parishi muno. Mayi Dympna amabwera nawo sabata iliyonse, ndipo honipaipi imeneyo amaimvera atakhala pansi, ndodo yawo itatsamira khoma.

Masiku ano kukabwera wophunzira watsopano, foni ili m'manja, akudzitama kuti nyimbo yake imodzi waipera mpaka yasalala, a Malachy ndi amene amayamba kumukokera mpando. Samuseka ayi. Amangomufunsa kuti yachiwiri ndi iti, ndipo akayamba makani amamulozera kwa mayi Dympna kuti akamve yekha mtengo wake. Akuluakulu sananame: nyimbo imodzi sachezera gule.