Maloko Atatu ndi Madamu a Masamu

Pa sukulu ina ya pulayimale panali zimbudzi zinayi za atsikana, kuseri kwa makalasi, moyang'anana ndi mpope. Nkhaniyi inayambira kumeneko, akuluakulu inu, koma amene inawagwera ndi munthu wosalakwa chilichonse. Mvetserani bwino, chifukwa ena akumaifotokoza mokhotetsa.

Tsiku lina kunabwera oyendera masukulu. Anayamikira maluwa, anayamikira mabolodi, koma atapita kuseriko anabwerako atagwira mphuno. Ahedi, bambo aatali osavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, manyazi anawagwira osati masewera. Alendo atangotuluka pageti, anaitana mayi wosesa, amene ana onse ankawatchula kuti Azakhali.

"Ndikadzamvanso fungo kumeneko, tsache mudzalisiya pakhomo pano."

"Bwana, kungoti mpope uja..."

"Za mpope ayi, mayi. Ndati ziziwala."

Mpopewo unkangodontha ngati misozi ya mwana wonamizira kulira. Kudzaza ndowa imodzi, munthu mpaka miyendo kuchita dzanzi. Azakhali anaona kuti zinayi sangazithe, ndipo ntchito sankafuna kuitaya. Anatenga maloko atatu kusitolo ya sukulu n'kukhoma zimbudzi zitatu, kho, kho, kho, n'kusiya chitseko chimodzi. Fungo linatha. Ahedi anayenda chifuwa patsogolo sabata yonse.

Tsono taganizani, atsikana opitirira zana, buleki ya mphindi khumi ndi zisanu, chitseko chimodzi! Mzere unkafika mpaka pa mtengo wa mthunzi. Belu likalira anyamata ankalowa m'kalasi, atsikana ali chiimire, akupondaponda.

Phunziro lobwera pambuyo pa buleki m'kalasi ya akuluakulu linali masamu. Ankaphunzitsa ndi Madamu ena afupiafupi, olankhula motsitsa, amene ankang'amba pepala pofotokoza zogawagawa mpaka ngakhale wa mutu wouma ankati, "Aaa, kani ndi zimenezi!" Madamuwa anayamba kuphunzitsa madesiki opanda anthu. Ahedi ataona atsikana akulowa mochedwa, anawapatsa chilango chosesa bwalo. Nthawi yake iti? Yomweyo ya masamu. Ndipo palibe mtsikana amene akanayerekeza kuima pamaso pa bambo wa tayi n'kutchula za kuseri. Onse ankangoyang'ana zala zakumapazi.

Mayeso atabwera, anyamata anakhoza, atsikana anagwa ngati masamba a m'chilimwe. Ahedi anaitana Madamu ku ofesi.

"Madamu, mukukondera anyamata. Mapepala awa sanama."

"Ahedi, anawa sakukhala m'kalasi. Bwanji tikhale pansi tonse, inu, ine, Azakhali ndi atsikanawo, timve pamene chingwe chayambira?"

"Msonkhano ndi wosesa? Mawa mudzati tiitanenso alonda adzatiphunzitse kuchulukitsa."

Anaseka okha. Kenako analemba kalata yoti Madamu asamutsidwe, akuti kalasi yawakanika. Madamu sanakangane nawo. Analongedza mabuku awo m'katoni, anatsanzikana ndi ana, ndipo tsiku limenelo ngakhale anyamata ovuta akumbuyo aja ankapukuta m'maso, ati mwalowa fumbi.

M'malo mwawo munabwera mphunzitsi wamwamuna wa mawu ngati bingu. Tsiku loyamba, madesiki opanda anthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu sanakalipe, anangotsatira atsikana chapatali nthawi ya buleki, n'kubwerera kukagogoda ku ofesi.

"Ahedi, tiyeni mukaone kumene masamu anu akuthera."

Ahedi anafika kuseriko n'kuima njii. Mzere uwo, maloko awo.

"Watseka zitsekozi ndani?"

"Ndine, bwana," anayankha Azakhali atatsamira tsache. "Kodi nditsegule muone mmene mukuwalira? Mukhoza kudyeramo."

Atsikana anabisa nkhope m'malaya, mapewa akugwedezeka.

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Mawu amalowa pomwe pali khomo, bwana."

Masana omwewo msonkhano uja unachitika, ngakhale alonda omwe analipo, ndipo ndi alondawo amene anadziwa pomwe paipi inaphwanyika pansi pa mpanda. Mpope unakonzedwa, maloko anachoka, buleki anaitalikitsa pang'ono, chilango chosesa chinatha. Zonsezi sizinatenge ngakhale masiku atatu.

Chinatsala n'chimodzi. Ahedi anaimbira Madamu foni, ndipo amene anali pafupi ndi zenera akuti mawu awo anali atachepa ngati a mwana wopempha madzi.

"Madamu, tinalakwitsa. Bwererani, ana akukufunani."

"Zikomo, Ahedi. Koma kuno ndazolowera, ndipo nawonso ndi ana. Mundiperekere moni kwa atsikana anga."

Foni inaduka. Ahedi anatsala pampando akungotembenuza cholembera m'manja. Iwo ankaona fungo palokha, kuchedwa palokha, mayeso paokha, osadziwa kuti ndi chingwe chimodzi ndipo nsonga yake anaigwira ndi iwo eni. Amene akanawauza anali pabwalo pomwepo tsiku ndi tsiku. Paja akuluakulu, mumanena nokha kuti safunsa anadya phula.